Kapezedwe ka ndalama zochitira kafukufuku ndi lekichala wanu pa holide ya Disembala kuno ku Joni

Ikangofika Novembala mafana a ku yunivesite amayamba kundivutitsa pa WhatsApp ndi funso limodzi lomwelo, eti achimwene tamva kuti pali anzathu amatsala pa kampasi nthawi ya holide akuchita kafukufuku ndi ma lekichala ndipo amalandira kangachepe, nanga ife tingalowe bwanji. Yankho langa limakhala loti aise wachedwa, ukanabwera mu Ogasiti. Ena amakhumudwa amaona ngati ndikuwamana njira. Ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi, amene muli chaka chachiwiri kapena chachitatu ku yunivesite ya Wits, ku UJ (University of Johannesburg) kaya mumakwera sitima ya Gautrain kupita ku yunivesite ya Pretoria, muwerenge nthawi ikadalipo.

Yambani ndi kumvetsa kalendala, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Mukasaka pa Google nkhani ya kafukufuku wa pa holide, zambiri zomwe zimatuluka ndi za ku America, komwe holide yawo yaikulu imakhala Juni mpaka Ogasiti. Kuli pulogalamu yotchuka ya REU yomwe ndalama zake zimachokera ku National Science Foundation, yabwino zedi, koma ndi ya nzika za America ndi omwe ali ndi chilolezo chokhazikika kumeneko. Ndinaonapo mnyamata wina atathera wiki yonse akulemba kalata yofunsira malo kumeneko, data yake yomwe, osawerenga kamzere kamodzi kokhako. Kuno holide yaikulu imayamba mayeso akatha mu Novembala mpaka makalasi kuyambanso mu Febuluwale. Zimaoneka ngati miyezi itatu yathunthu koma ayi ndithu. Chapakati pa Disembala, cha m'ma 16 muja pomwe pali holide ya dziko lonse, maofesi a yunivesite amayamba kutseka, ma lekichala amapita ku Durban kaya kumudzi kwawo ku Limpopo, ndipo satsegula mpaka Nyuwere itadutsa. Ndiye nthawi yeniyeni yogwira ntchito ndi masabata mwina sikisi kapena seveni, oduka pakati, atatu Khrisimasi isanafike, enawo mu Januwale. Chilichonse chomwe mukonze chikwane m'masabata amenewa basi.

Tsopano nkhani ya ndalama, ndipo apa ndinene mosapsatira. Ife obwera ndi pasipoti ya Malawi makomo ambiri ndi otseka. NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira osowa a m'dziko muno, si yathu. NRF, bungwe lalikulu lopereka ndalama za kafukufuku m'dziko muno, malamulo ake a ndalama za ophunzira opitiriza maphunziro amati 95 pa 100 alionse akhale nzika za South Africa kapena okhala ndi pemiti yokhazikika, asanu otsalawo ndiye tilimbirane ife a SADC ndi dziko lonse lapansi, komanso zimenezo ndi za amene anamaliza kale digiri yoyamba. Malo a kafukufuku a boma ngati CSIR ku Pretoria kapena Mintek ku Randburg akalengeza za ophunzira, werengani kaye mzere wonena za unzika musanayambe kulota. Chomwe pangano la SADC la 1997 la zamaphunziro linatithandiza ndi fizi, timalipira ngati eni dziko kuphatikizapo kandalama kena ka alendo, koma za ma bursary silinatitsegulire khomo.

Ndiye ndalama zili kuti? Zili mu akaunti ya kafukufuku ya lekichala wanu yemweyo amene mumamuona akulowa m'kalasi ndi jekete imodzimodzi chaka chonse. Ambiri sitidziwa zimenezi. M'dziko muno lekichala akasindikiza pepala mu jenolo yovomerezeka, boma kudzera ku unduna wa maphunziro apamwamba limapereka ndalama ku yunivesite, ndipo m'mayunivesite ambiri gawo lina limagwera mu akaunti ya kafukufuku ya mwini pepalayo. Ena ali ndi ma grant, ndalama zopatsidwa kuti achitire kafukufuku, a NRF, achinyamata omwe angoyamba kumene amakhala ndi ija amati Thuthuka, akuluakulu ena ali pa mipando yapadera ya kafukufuku yotchedwa SARChI yomwe inayamba mu 2006, ena amalandira kuchokera ku mabungwe akunja kapena makampani a migodi. Ndalama zimenezi sangagulire galimoto kapena kulipirira mwana wake fizi, ndi za ntchito yokhayo, zida, maulendo, ndi kulipira omuthandiza. Mzere umenewo wa omuthandiza ndi womwe inu mukufuna. Ndipo poti ma grant ambiri amayendera chaka cha Januwale mpaka Disembala, ikafika Seputembala ndi Okutobala munthu amayang'ana mu akaunti nkuona kuti pali zotsala zomwe akapanda kugwiritsa ntchito ayamba kulemba makalata ofotokoza. Mwana wa sukulu wofika nthawi imeneyo ndi pulani yooneka bwino amakhala ngati wamutula katundu pamutu.

Zimenezi sizimatidwa pa bolodi. Palibe tsiku mudzaone chikalata choti Dr uje ali ndi ndalama zotsala bwerani. Muyenera kupita nokha.

Mu Ogasiti, semesita yachiwiri itangoyamba, sankhani anthu atatu. Osati mmodzi, chifukwa wina adzakuuzani kuti akupita ku sabbatical, tchuthi chachitali chosaphunzitsa, wina sadzayankha nkomwe. Lowani pa Google Scholar, lembani dzina lake, onani mapepala ake a zaka ziwiri zapitazi. Ngati pepala lake lomaliza ndi la kalekale, ameneyo ndi mphunzitsi wabwino mwina koma akaunti yake ndi youma. Mukatsegula pepala musalimbane ndi masamu a pakati, thamangirani kumapeto komwe amathokoza, pamenepo amalemba amene anapereka ndalama, nthawi zina ndi nambala ya grant yomwe. Kenako funsani ma tutor anu, aja a masters ndi PhD amene amakuyang'anirani mu labu kapena mu tutorial. Iwowa amadziwa zonse, ndani ali ndi ndalama, ndani amalipira pa nthawi yake, ndani amakusiya wekha mwezi wathunthu osakuyankha imelo. Mugulireni khofi mmodzi wa iwo, R30 yanu sipita pachabe.

Maganizo anga, ndipo ena amatsutsa, ndi akuti lekichala wachinyamata ndi bola kuposa pulofesa wamkulu wotchuka. Wamkuluyo dzina lake ndi lolemera pa kalata inde, koma mudzamuona kawiri holide yonse. Wachinyamatayo akufuna mapepala kuti akwezedwe, alibe ophunzira ambiri, ndipo adzakhala nanu pa benchi nkukuonetsani kagwiridwe ka pipette ndi dzanja lake.

Kukalankhula naye ndi pomwe ife Amalawi timagwa. Tinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, sumupempha chinthu mwachindunji, umayamba ndi moni wautali, za kunyumba, za mvula, kenako uzizungulira mpaka iye yekha azindikire chomwe wabwerera. Kwathu ndi ulemu. Kuno munthu ali ndi mphindi teni asanalowe m'kalasi ina, ndipo ukamazungulira amangoganiza kuti wabwera kudzadandaula za malikisi. Ine tsiku loyamba ndinaima pakhomo la ofesi ya mayi wina wa chemistry, chipewa m'manja, ndikudikira kuti andiuze kuti lowani, iwo akungotayipa osadziwa nkomwe kuti pakhomo pali munthu. Nditalowa ndinayankhula za momwe ndimakondera phunziro lawo kwa mphindi zisanu, iwo nkundidula kuti chabwino, ndiye ukufuna chiyani kwenikweni. Ndinachita chibwibwi. Mwamwayi anali munthu woleza, anandiuza kuti ndipite ndikalembe zomwe ndikufuna pa tsamba limodzi ndibwerenso Lachinayi.

Inu musadikire kuuzidwa. Tumizani imelo yaifupi kuchokera pa adiresi ya sukulu, osati ija ya Gmail yokhala ndi dzina lachibwana munatsegula muli Fomu 2. Nenani dzina lanu, chaka chanu, kosi yawo yomwe munatenga ndi zomwe munapeza, pepala lawo lomwe mwawerenga ndi chinthu chimodzi chomwe chakusangalatsani kapena simunamvetse, kenako funsani poyera kuti kodi ali ndi ntchito ya kafukufuku yomwe mungathandize mu Disembala ndi Januwale, ndipo kodi pali ndalama zolipirira wophunzira. Mawu oti ndalama alembeni, sikuti ndi mwano. Phatikizani zotsatira za mayeso anu. Ikatha wiki osayankha pitani pa nthawi ija amaika pakhomo kuti amaonana ndi ophunzira. Ndipo nenani msanga kuti ndinu mlendo wa study visa, asadzazindikire mu Novembala fomu itabwezedwa, chifukwa ndalama zina zimamangidwa kuti ndi za nzika zokha pomwe zina ali ndi ufulu wolipira aliyense, ndiye akadziwa msanga amadziwa thumba loti atengemo.

Akavomera kuti mukambirane, bwerani ndi funso laling'ono. Laling'ono zedi. Mafana amakonda kubwera ndi mitu ngati kuthetsa umphawi mu Africa, zinthu zoti munthu wa PhD zaka zinayi samaliza. Nthawi zambiri lekichala amakhala ndi kachidutswa ka ntchito yake yaikulu komwe akusowa manja, tengani kameneko osanyinyirika. Ine yanga inali kutunga madzi malo anayi mu mtsinje wa Jukskei, uja umayambira pansi pa tawuni cha ku Ellis Park nkudutsa ku Alexandra, kawiri pa wiki, nkukawayeza mu labu. Basi. Palibe chodabwitsa, koma inali ntchito yoti itha ndipo inathadi.

Koma musaiwale chinthu chomwe inu muli nacho anzanu a m'kalasi alibe, Chichewa, ndipo ena Chiyao ndi Chitumbuka pamwamba. Ku Wits kuli African Centre for Migration and Society komwe ntchito yawo ndi nkhani za anthu osamuka, kulinso Gauteng City-Region Observatory ya Wits, UJ ndi boma la Gauteng yomwe imafufuza za moyo wa anthu m'chigawo chino. Wofufuza aliyense amene akufuna kumva za Amalawi osoka zovala ku Mayfair ndi Fordsburg, kapena amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Sandton, amasowa munthu woti akacheze nawo m'chinenero chawo nkumasulira bwinobwino. A history, zikalata zakale za TEBA, ija agogo athu ankati Wenela, zimasungidwa ku laibulale ya UJ ku Doornfontein. Taganizani kukhala masabata sikisi mukuwerenga za anthu a ku Ntcheu ndi Mzimba amene ankabwera ku migodi mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, mwina nkupezamo dzina la mudzi wanu. A kompyuta, pali gulu la Masakhane lomwe limagwira ntchito yoti makina azimva zinenero za mu Africa, ndipo lekichala amene ali m'zimenezi akamva kuti mumalemba Chichewa chabwino maso ake amawala. Chinenero chomwe timachibisa mu taxi kuopa kutchedwa makwerekwere ndi chomwecho chingakupezereni ganyu ya Disembala.

Mu Seputembala lembani tsamba limodzi lija. Funso ndi lotani, muchita chiyani wiki iliyonse, pomaliza mupereka chiyani, kaya ndi lipoti, kaya tebulo la data, kaya ma interview khumi olembedwa ndi kumasuliridwa. Pansi pake bajeti. Apa ndiye khalani pansi ndi pensulo, chifukwa ambiri amangolemba nambala yozungulira yochokera m'mutu, lekichala akafunsa kuti yachokera pati amangoti kukamwa yasa. Gawani pawiri. Mbali ina ndi zofunika pa ntchitoyo, mabotolo, magolovesi, mankhwala a mu labu, kusindikiza mafomu, thiransipoti yopita kokatenga data, airtime yoimbira anthu. Mbali ina ndi malipiro anu. Malipiro musalote nokha, yunivesite iliyonse ili ndi mlingo wake wa pa ola wolipirira ophunzira othandiza, funsani sekilitale wa dipatimenti akuonetsani. Muchulukitse ndi maola. Ngati ndi maola 20 pa wiki kwa masabata sikisi ndiye maola 120, nambala yanu ndi imeneyo. Thiransipoti werengani ulendo ndi ulendo, tiyerekeze taxi ndi R20 kupita R20 kubwera ndipo mukwera ziwiri mbali iliyonse, ndiye R80 pa tsiku, kuchulukitsa ndi masiku omwe mutuluke. Ine ndinaiwala kuika ayezi wa mu cooler box, kanthu kakang'ono, koma kugula thumba la ayezi pa garaji kawiri pa wiki mwezi ndi theka kuchokera m'thumba mwako umamva kuwawa.

Lekichala akati akaunti yake siyokwana, musagwe mphwayi. Mufunseni ngati angakulembereni kalata kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya kafukufuku ya faculty, nthawi zina amagawana, uyu alipira maola uyu alipira zida. Pempho lochokera kwa lekichala limamveka kuposa lochokera kwa inu. A engineering amene digiri yanu imafuna kale kuti mugwire vac work, ntchito yophunzirira ya pa holide, funsani ku sukulu kwanu ngati ntchito ya mu labu angaiwerengere, ikaloledwa mwamaliza ziwiri nthawi imodzi.

Tsopano mapepala, gawo lotopetsa koma ndi lomwe limagwetsa anthu atapeza kale ndalama. Maola 20 aja sindinangowatchula. Study visa imalola kugwira ntchito osapitirira maola 20 pa wiki, ndiye kontrakiti yanu isalembedwe zoposa pamenepo, ndipo pitani ku international office akakuuzeni momwe iwo amachitira ndi ophunzira alendo pa holide, akulembereni pa imelo kuti mukhale ndi umboni. Tsegulani pasipoti lero lomwe muone tsiku lomwe visa ikutha. Zambiri zimatha kumapeto kwa Disembala, ndipo kuonjezera kumafunika kupereka mafomu ku VFS, ofesi yolandira mafomu a visa, kutatsala masiku osachepera 60, kutanthauza kuti Okutobala asanathe. Medical aid nayo onani, ikhale yolipiridwa mpaka Januwale, makamaka ngati mukagwira mu labu kapena kumtsinje ngati ine. Mufunika akaunti ya banki ya kuno ya dzina lanu, yunivesite siyitumiza malipiro pa Mukuru kapena mu akaunti ya amalume anu. Mwina akufunsaninso nambala ya msonkho ya SARS, yambani kuifuna msanga.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Mayi a chemistry aja anavomera mu Okutobala, tinagwirana chanza, ine mtima m'malo, ndinauza ndi kumudzi komwe kuti chaka chino Khrisimasi muilandira pa foni. Fomu ya kontrakiti ndinaisaina mochedwa, Disembala itayamba, poti ndinali ndi mayeso ndiye ndinkati ndipanga mawa ndipanga mawa. Inakafika ku ofesi ya zachuma tsiku lotsekera malipiro a mwezi umenewo litadutsa, kenako anaibweza chifukwa kope ya visa sinali yodindidwa, pomwe ndinkabwera kokadinditsa ku polisi ofesi ya zachumayo inali itatseka. Ndalama yanga yoyamba inalowa kumapeto kwa Januwale. Disembala yonse ndinadya phala la ufa wa pa spaza ndi kabichi, Khrisimasi ndinakadyera ku tchalitchi. Mayi aja atamva mu Januwale anakhumudwa zedi kuti bwanji sunandiuze, koma ine ndi manyazi a Chimalawi ndinkangoti zonse zili bwino. Ndiye funsani sekilitale tsiku lenileni lomwe malipiro a Disembala amatsekedwa, nthawi zambiri limafulumira kuposa miyezi ina, ndipo mapepala anu onse akhale atalowa Novembala asanafike pakati. Mukapereka funsani ngati alowadi mu system, osangokhulupirira kuti poti mwasiya pa tebulo ndiye zatheka.

Ngati kafukufuku wanu akukhudza anthu, ngakhale kungowafunsa mafunso, pamafunika chilolezo cha komiti ya ethics, yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, musanayambe. Makomiti amenewa amakumana masiku oikika ndipo mu Disembala musayembekezere kuti akhala pansi chifukwa cha inu. Njira yachidule ndi yoti lekichala akuonjezereni pa chilolezo chomwe ali nacho kale, mufunseni zimenezi pa tsiku loyamba lomwelo. Data yotengedwa popanda chilolezo siisindikizidwa, mwangotaya holide. Ndipo kwa inu amene mukacheze ndi Amalawi anzathu, samalani kwambiri. Ambiri mapepala awo sali bwino, munthu akukuuzani za moyo wake chifukwa mwamupatsa moni wa kwathu ndipo wakukhulupirirani. Dzina lake, nambala yake, malo omwe amagwira ntchito, zisakhale mu foni yanu mwachisawawa kapena kutumizidwa pa gulu la WhatsApp. Kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2021, koma ngakhale pakanapanda lamulo, mukudziwa nokha zomwe zingamuchitikire munthu ameneyo rekoding itagwera m'manja olakwika. Muuzeni poyera m'Chichewa chomveka kuti mukulemba za chiyani, zipita kuti, ndipo akhoza kukana. Musamulonjeze kuti mumuthandiza kupeza pemiti, simungathe.

Pogona. Ma res, nyumba zogona ophunzira za yunivesite, ambiri amafuna kuti mutuluke mayeso akangotha, ndipo ngati pali malo a pa holide amalipiritsa padera komanso amafuna mulembetse msanga. Funsani mu Okutobala, kalata ya lekichala yonena kuti mukugwira naye ntchito imathandiza. Ku Braamfontein ndi Auckland Park ophunzira ambiri amapita kwawo nkusiya zipinda zomwe lendi yake ikuyendabe, mukhoza kugwirizana ndi mnzanu mumupatseko theka, bola mwini nyumba adziwe. Ine ndinakakhala kwa amalume ku Mayfair, kuchipinda komwe amasokera, matiresi pansi pakati pa mashini awiri, m'mawa ndimadzuka ulusi uli m'tsitsi. Amalume sankamvetsa kuti ntchito yanga ndi yotani. Tsiku lina anatsegula cooler box nkupeza mabotolo a madzi akuda onunkha, anandiyang'ana nthawi yaitali nkuti, mphwanga, bambo ako anagulitsa ng'ombe kuti uzitunga madzi a m'ngalande? Ndinawafotokozera mpaka anaseka, kuyambira tsiku limenelo ankandisungira malo mu friji ya ma drinki ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa ankauzidwa kuti uyu ndi dokotala wa madzi. Mukakhala kwa abale chonde gulaniko magetsi ndi ndiwo, musakhale mlendo wongodya.

Kumudzi auzeni msanga. Amayi anga nditawaimbira anangoti chete kaye, kenako nkuti ndiye chaka chino kumunda tipalira tokha. Zimapweteka. Ena amayesa kuthamangira kumudzi masabata awiri aja sukulu yatseka, koma werengani bwino, basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mu Disembala mtengo umakwera ndipo mzere wa pa Beitbridge ukhoza kukudyerani tsiku lathunthu, kupita ndi kubwera ndalama yonse ya kafukufuku yathera pa mseu. Ine ndinaona bola kutumiza kangachepe ka feteleza wobereketsa ndalama itabwera, nkudzapita mu Juni.

Ntchito ikayamba, gulani kope lachikuto cholimba, muzilemba chilichonse ndi deti lake, zomwe mwachita, zomwe zalakwika, zomwe lekichala wanena. Musadalire mutu. Gwirizanani tsiku limodzi pa wiki lokumana, ngakhale mphindi 20, ndipo asanapite ku holide akusiyireni ntchito yoti muzichita nokha komanso dzina la wophunzira wa masters woti muzimufunsa. Onetsetsani kuti student card yanu izitsegula geti ndi chitseko cha labu mu Januwale, zina zimasiya kugwira chaka chikatha mpaka mutalembetsanso, ndiye lekichala alembere achitetezo nthawi ikadalipo. Mu labu musagwire nokha popanda wina pafupi. Ma risiti onse sungani mu envelopu ndipo muziwajambula, a pa till aja amafufutika ndi kutentha. Data muziisunga malo awiri tsiku lililonse, laputopu imabedwa kuno, tonse tikudziwa za pa renki ya ma taxi ya Bree m'tawuni.

Mukalakwitsa nenani tsiku lomwelo. Wiki yachiwiri ndinalemba mabotolo ndi peni wamba, mvula ya masana ya ku Joni ija yobwera ndi ziphaliwali inandipeza ndisanakwere taxi, ayezi naye anasungunuka, pofika ku labu zolemba zonse zitafufutika, mabotolo eyiti osadziwika kuti ili ndi la pati. Mtima unandiuza kuti ingoganizira, ndani adziwe. Ndinakanena. Mayi aja anangoti taya, mawa ukatengenso, nkundipatsa maka yosafufutika ndi tepi. Akanazindikira okha patapita miyezi kuti manambala sakugwirizana, sindikhulupirira kuti akanandilemberanso kalata iliyonse. Za mvula zomwezi, amene mukagwire m'mitsinje ya kuno, kukachita mdima kumwamba tulukani msanga, Jukskei imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mwaimapo pasanagwe dontho.

Nkhani ya dzina pa pepala kambiranani poyamba, osati ntchito itatha. Funsani mwaulemu kuti zotsatira zikadzasindikizidwa dzina lanu lidzakhala pa olemba kapena pothokoza pokha. Pa ntchito ya masabata sikisi kawirikawiri ndi pothokoza, ndipo palibe cholakwika, bola mudziwiretu kuti musadzadandaule kumbali.

Wiki yomaliza ya Januwale, makalasi asanayambe, perekani lipoti ngakhale sanakufunseni, masamba atatu kapena anayi, data yonse yokonzedwa bwino, makiyi ndi zida zobwezedwa. Lekichalayo naye amayenera kukalemba kwa omwe anamupatsa ndalama kuti zinagwira ntchito yanji, ndiye lipoti lanu limamupeputsira ntchito. Pomwepo mupempheni kalata ya umboni akadakukumbukirani bwino, ndipo mufunseni za honours, chaka chija chotsatira digiri yoyamba, chifukwa kwa ife alendo amene ma bursary ambiri satiwerengera, ndalama ya honours ndi masters nthawi zambiri imachokeranso m'thumba lomwelo la lekichala amene anakuonani mukugwira ntchito. Yanga inachokera momwemo. Ngati dipatimenti ili ndi tsiku loonetsa ma poster lembetsani, ndipo kafukufukuyo alowe pa CV ndi dzina la lekichala ndi zomwe munachita zenizeni, osati kungolemba kuti research assistant.

Pali ena adzakuuzani kuti ndalama palibe koma bwera uzithandiza ulere. Apa aliyense aone thumba lake. Ngati muli ndi pogona ndi chakudya, masabata atatu a mu Januwale maola ochepa, ndi munthu amene akuphunzitsanidi kanthu, ine ndingavomere, koma pemphani kuti thiransipoti yokha akulipireni ndipo mugwirizane tsiku lomalizira. Ngati fizi ya chaka chamawa ikudalira ganyu ya Disembala ya mu shopu kapena mu lesitilanti, pitani ku ganyu, muuzeni lekichalayo chilungamo kuti chaka chino sizitheka, ndipo mumufunse ngati mungabwerenso pa holide ya Juni ndi Julayi, yaifupi koma maofesi onse amakhala otsegula. Mtsikana wina wa ku Zomba amene ndinamulangiza chaka chatha anachita zomwezo, Disembala anagulitsa nsapato mu mall, mu Epulo anabwereranso ndi tsamba lake limodzi lija atalikonzanso, bajeti ataichepetsa kufika maola 60.